Mzinga wa Sentinel wa ku America: mafunso ndi mayankho pa mtengo wake ndi kagulidwe kake

Dziko la America likugula mizinga yatsopano ya nyukiliya yokhala m'maenje pansi pa nthaka, yoti ilowe m'malo mwa yakale imene yakhalapo kuyambira 1970. Ntchito yonseyi ikutchedwa Sentinel. Pamene boma linkasaina kontirakiti mu 2020, linati kugula ndi kumanga zonse kudzadya madola 77.7 biliyoni. Pofika mu Julayi 2024 mtengowo unali utafika pa madola 140.9 biliyoni, mzinga ndi umodzi womwe usanaulukepo. Ndalama zimenezi zikuposa kakhumi chuma chonse chimene dziko la Malawi limapanga pachaka. Maganizo anga sindibisa: munthu akhoza kuvomereza kapena kukana kuti mizingayi ndi yofunika, koma kagulidwe kake kanayambira kumchira. Boma linadzimangirira kaye, mtengo weniweni n'kumaudziwa pambuyo.

Kodi mizinga tikukambayi ndi yotani, ndipo ili kuti?

Ndi mizinga ikuluikulu youluka makilomita oposa 9,600, kuchoka ku America kukagwa ku Russia pa mphindi pafupifupi 30 zokha. Imene ilipo panopa ndi Minuteman III, yopangidwa ndi kampani ya Boeing. Umodzi ndi wotalika mamita 18, wolemera matani 36, ndipo kunsonga kwake kumakhala bomba limodzi la mtundu wa W78 kapena W87. Bomba limodzi lotere mphamvu yake imaposa pafupifupi ka 20 ya lija linagwetsedwa ku Hiroshima mu 1945.

Mizinga 400 ili chilili m'maenje a konkire. Maenjewo alipo 450, kotero 50 ali opanda kanthu koma amasamalidwabe. Anamwazikana m'minda ya tirigu ndi m'malo odyetsera ng'ombe m'zigawo za Montana, North Dakota, Wyoming, Nebraska ndi Colorado, ndipo amayang'aniridwa kuchokera ku malikulu atatu a asilikali a ndege: Malmstrom, Minot ndi F.E. Warren. Wodutsa pamsewu amangoona kampanda ka waya ndi chivundikiro cha konkire pakati pa munda wa mlimi. Pansi pa nthaka palinso zipinda 45 momwe asilikali awiriawiri amakhala usana ndi usiku, awiri alionse akuyang'anira mizinga 10, kudikira lamulo la pulezidenti.

Bwanji osangopitiriza ndi yakaleyo?

Oipanga ankayembekezera kuti Minuteman III igwira ntchito zaka 10, koma yadutsa zaka 50. Maenje ake ndi akale kuposa pamenepo. Ambiri anakumbidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mizinga yoyamba ya Minuteman inaikidwa tcheru ku Malmstrom mu Okutobala 1962, sabata zomwe zija America ndi Soviet Union anatsala pang'ono kumenyana chifukwa cha mizinga ya ku Cuba.

Boma lakhala likuikonzakonza. M'zaka za m'ma 2000 linawononga pafupifupi madola 7 biliyoni kusintha mafuta ake olimba ndi zipangizo zoilondolera njira. Koma mafuta olimba amakalamba n'kuyamba kung'aluka. Makampani ena amene ankapanga tizitsulo ta mkati anatseka kalekale, ndipo amisiri odziwa kapangidwe kake anapuma ntchito kapena anamwalira. Mpaka 2019, njira ina yotumizira mauthenga kwa asilikali a zida za nyukiliya inkadalirabe ma floppy disk aakulu a m'ma 1970. Kuwonjezera apo, chaka chilichonse asilikali amatenga mizinga ingapo, kuichotsa bomba, n'kuiombera kuchokera ku Vandenberg ku California kukagwera ku Kwajalein ku zilumba za Marshall, pofuna kuona ngati ikugwirabe ntchito. Fakitale yopanga ina kulibe, ndiye yotsala imangocheperachepera. Mu Novembala 2023 umodzi unasokonekera uli m'mwamba ndipo anachita kuuphulitsa dala pamwamba pa nyanja ya Pacific.

Mu 2014 asilikali a ndege anachita kafukufuku wawo n'kupeza kuti kugula mzinga watsopano n'kotchipa kusiyana ndi kusunga wakale mpaka 2075. Otsutsa anadandaula kuti funsolo linafunsidwa mokondera, poti panalibe amene ankanena kuti Minuteman ingafike 2075. Iwo ankafuna kudziwa mtengo wongoitalikitsira moyo zaka zina zochepa. Mu Januwale 2021 Admiral Charles Richard, amene ankatsogolera asilikali onse a zida za nyukiliya, ananenetsa kuti moyo wa Minuteman III sungatalikitsidwenso. Koma chifukwa cha kuchedwa kwa Sentinel, ofesi yofufuza kayendetsedwe ka ndalama za boma ya GAO inalemba mu 2025 kuti asilikaliwo angafunike kusunga mzinga wakalewo mpaka 2050. Chimene ankati n'chosatheka ndicho akukonzekera kuchita tsopano, kwinaku akulipiranso watsopano.

Mzinga wosayenera kuomberedwa umateteza bwanji dziko?

Cholinga chake ndi kuopseza mdani kuti asayerekeze n'komwe kuyamba. Ngati mtsogoleri wa dziko lina akudziwa kuti akaponya bomba la nyukiliya ku America nayenso dziko lake lipsa, aganiza kawiri. America imasunga zida zake m'njira zitatu kuti mdani asathe kuziwononga zonse nthawi imodzi: mizinga ya m'maenje, mizinga ya Trident ya m'sitima zoyenda pansi pa nyanja, ndi ndege zoponya mabomba monga B-52 ndi B-2. Zonse zitatu zikusinthidwa nthawi imodzi, chifukwa kukubweranso sitima za Columbia ndi ndege za B-21.

Ntchito ya mizinga ya m'maenje ndi yachilendo pang'ono. Malo a dzenje lililonse ndi odziwika, aliyense akhoza kuwaona pa zithunzi za setilaiti. Oikira kumbuyo mizingayi amati ubwino wake ndi womwewo. Popanda iyo, mdani angangolimbana ndi madoko awiri a sitima ndi mabwalo ochepa a ndege. Koma maenje 450 ndi zipinda 45 zikakhalapo, ayenera kutaya mabomba mazanamazana pakati penipeni pa dziko la America, chinthu chimene sangachite mobisa kapena n'kuyembekezera kuti asabwezeredwe. Akatswiri ena amaitcha mizingayi siponji yoyamwa mabomba a mdani. Mfundoyi ili ndi nzeru zake, koma tisaiwale kuti m'siponjimo mumakhala anthu: alimi, ana asukulu, ndi mitundu ya eni nthaka monga ya ku Fort Berthold ku North Dakota, kumene maenje ena ali m'dera lawo lenilenilo.

Ndalama zake zimachokera kuti, ndipo amavomereza ndani?

Zimachokera ku misonkho ya anthu a ku America ndi ngongole zimene boma lawo limatenga. Palibe tsiku limene wina analemba cheke cha madola 141 biliyoni. Ndalamazo zimatuluka pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Pulezidenti amatumiza bajeti ku nyumba ya malamulo ya Congress, ndipo kumeneko imadutsa pa makomo awiri. Loyamba ndi lamulo la pachaka la zachitetezo lotchedwa NDAA, limene limaloleza ntchitoyo ndi kuika malire ake. Lachiwiri ndi lamulo lotulutsa ndalama zenizenizo, limene limakonzedwa ndi makomiti ena. Chaka cha boma chimayamba pa 1 Okutobala, ndipo aphungu akachedwa kugwirizana, monga zimachitikira kawirikawiri, boma limayendera bajeti ya chaka chatha, zimene zimachedwetsa ntchito zatsopano.

Kalipiridwe kameneka kali ndi msampha wake. Chaka chilichonse phungu amangofunsidwa kuvomereza mabiliyoni ochepa, ndipo chaka chilichonse ndalama zimene zalowa kale zimakhala zambiri kuposa chaka chatha, choncho kubwerera kumavutiravutira.

Sentinel ndi mbali imodzi chabe. Ofesi ya Congress yowerengera za bajeti, ya CBO, inanena mu Epulo 2025 kuti zida zonse za nyukiliya za America zidzadya madola 946 biliyoni kuyambira 2025 mpaka 2034. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake inali itanena madola 756 biliyoni pa zaka 10 zoyambira 2023. Oikira kumbuyo amakumbutsa kuti ngakhale zili choncho, ndalamazi sizifika gawo limodzi mwa magawo 10 a bajeti yonse ya chitetezo, ndipo pamenepo akunena zoona.

Anapatsidwa kontirakiti ndani, ndipo n'chifukwa chiyani anapikisana yekha?

Poyamba opikisana analipo awiri. Mu Ogasiti 2017 boma linapatsa Boeing ndi Northrop Grumman ndalama zoposa madola 300 miliyoni aliyense kuti akonze mapulani awo. Mu 2018 Northrop Grumman inagula kampani ya Orbital ATK, imodzi mwa makampani awiri okha a ku America opanga mainjini akuluakulu a mafuta olimba. Boeing inapezeka kuti iyenera kukagula injini kwa yemwe ikupikisana naye, n'kumuululiranso zina za mapulani ake. Bungwe loona za mpikisano pa malonda linalamula kuti Northrop izigulitsa mainjiniwo mosakondera, koma Boeing sinakhutire, ndipo mu Julayi 2019 inatuluka mu mpikisano. Pambuyo pake inapempha kuti makampani awiriwo agwirire limodzi ntchitoyo, koma sizinatheke.

Mu Sepitembala 2020 Northrop Grumman inasaina kontirakiti ya madola 13.3 biliyoni yokonza mapulani omaliza ndi kupanga mizinga yoyesera. Pansi pake pali makampani ena akuluakulu monga Bechtel, Lockheed Martin, General Dynamics ndi Aerojet Rocketdyne. Kontirakitiyo ndi ya mtundu woti boma limabweza zonse zimene kampani yawononga n'kuwonjezera phindu pamwamba. Pa ntchito yopanga chinthu chimene sichinapangidwepo, kontirakiti yotere si yachilendo, chifukwa palibe kampani ingalole kutchuliratu mtengo wosasintha. Koma mukaphatikiza wogulitsa mmodzi, wogula amene walengeza kale kuti sangachitire mwina, ndi kontirakiti yoti mtengo ukakwera wolipira ndi boma, palibenso chimene chingaugwire mtengo kuti usathawe.

Nanga n'chiyani kwenikweni chinakweza mtengo chonchi?

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Chimene chinakwera kwambiri si mzinga wouluka uja ayi, koma zonse za pansi: maenje, zipinda zolamulirira, mawaya ndi nyumba zothandizira. Akuluakulu a Pentagon, likulu la unduna wa zachitetezo, anavomera okha mu 2024 kuti pamene ankavomereza ntchitoyi mu 2020, sankadziwa mokwanira za mbali ya pansiyi kuti n'kutha kuwerengera bwino mtengo wake.

Pulani yoyamba inali yongokonzanso maenje akale 450 n'kulowetsamo mizinga yatsopano. Amisiri atayamba kuyang'anitsitsa anapeza kuti konkire ya zaka 60 yatopa, m'maenje ena mumalowa madzi, muli asibesitosi ndi penti wa mtovu, komanso zipangizo za Sentinel zikufuna malo aakulu kuposa amene alipo. Ankaganizanso kuti mawaya akale a kopa olumikiza maenje ndi zipinda zolamulirira agwiritsidwabe ntchito, koma zinapezeka kuti sangathe kunyamula mauthenga ochuluka amene makina atsopano amafuna. Choncho pakufunika kukumba ngalande makilomita zikwizikwi n'kuyala mawaya a fibre, kudutsa m'minda ya anthu ambirimbiri amene aliyense ayenera kukambirana naye ndi kumulipira. Zonsezi zikuchitikira kumadera akutali ndi mizinda, kozizira koopsa moti nthaka imauma gwaa miyezi ingapo pachaka, kumene antchito ayenera kuchita kuwamangira misasa. Mitengo ya simenti, zitsulo ndi malipiro inakweranso kwambiri pambuyo pa mliri wa Covid-19.

Zili ngati munthu amene wagula malata atsopano kuti afolere nyumba ya makolo, koma amisiri atakwera padenga n'kupeza kuti mitengo inadyedwa ndi chiswe ndipo zipupa zinang'aluka mpaka pamaziko. Malata aja mtengo wake sunasinthe kwenikweni, koma tsopano pakufunika nyumba yonse. Mu Meyi 2025 asilikali a ndege analengezadi kuti maenje ambiri adzachita kukumba atsopano, chifukwa kukonza akale kungadule kwambiri ndi kuchedwetsa ntchito.

Mukamva kuti mzinga umodzi unachoka pa madola 118 miliyoni kufika pa 214 miliyoni, dziwani kuti chiwerengerocho chimapezeka potenga mtengo wa ntchito yonse, maenje ndi mawaya omwe, n'kugawa ndi mizinga yoposa 650 imene akufuna kugula. Yoikidwa m'maenje ndi 400, yotsalayo ndi yoyesera ndi yosungira m'tsogolo. Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi n'chakuti maenjewo sanali obisika. Ndi a boma lomwelo, asilikali ake amalowamo tsiku ndi tsiku. Kuwafufuza mokwanira asanasaine kukanatenga nthawi, inde, koma kukanapatsa aphungu ndi olipira misonkho mwayi wosankha akudziwa mtengo woona.

Kodi kulibe lamulo loimitsa ntchito ikadula mopitirira muyeso?

Lilipo. Limatchedwa Nunn-McCurdy, potengera maina a Sam Nunn ndi Dave McCurdy amene analiyambitsa mu 1982. Mtengo wa chida chimodzi ukakwera ndi 15 peresenti kuchokera pa umene unavomerezedwa, Congress iyenera kuuzidwa. Ukakwera ndi 25 peresenti, ntchitoyo imatengedwa kuti yathetsedwa, pokhapokha unduna wa zachitetezo utatsimikizira aphungu kuti chidacho n'chofunika pa chitetezo cha dziko, palibe njira ina yotchipa, mtengo watsopanowo ndi womveka, ntchitoyo ndi yofunika kuposa zina zimene zidulidwe kuti iyo ipeze ndalama, ndiponso utsogoleri wake ungathe kuugwira mtengo.

Mu Januwale 2024 asilikali a ndege anauza Congress kuti Sentinel yakwera ndi 37 peresenti. Owerengera a Pentagon ataunika kwa miyezi ingapo anapeza kuti kukwera kwenikweni ndi 81 peresenti. Pa 8 Julayi 2024 William LaPlante, amene ankayang'anira zogula zida, analengeza kuti ntchitoyo ipitirira. Komabe anachotsa chilolezo cha mu 2020 choyambira kupanga mzingawo, chotchedwa Milestone B, n'kulamula kuti pulani yonse ikonzedwenso, zimene anati zichedwetsa ntchito ndi zaka zingapo. Lamuloli linathandiza kuti choonadi chituluke poyera, ndipo pamenepo liyamikiridwe. Kufooka kwake n'kwakuti wofunsidwa ngati chida chili chofunika ndi yemweyo amene anachipempha.

Madola 141 biliyoniwo akuphatikizapo bomba lenilenilo?

Ayi. Mzinga umagulidwa ndi unduna wa zachitetezo, koma bomba limapangidwa ndi nthambi ya NNSA imene ili pansi pa unduna wa zamphamvu, ndipo ili ndi bajeti yakeyake. Sentinel idzayamba ndi mabomba a W87 amene alipo kale, kenako idzalandira atsopano a W87-1. Atsopanowa akufuna mitima yatsopano ya plutonium (chitsulo chophulika cha pakati pa bomba), chinthu chimene America inasiya kupanga chambiri kuchokera pamene fakitale ya Rocky Flats ku Colorado inaima mu 1989 chifukwa cha kuipitsa chilengedwe. Lamulo likufuna kuti azipanga mitima 80 pachaka, 30 ku Los Alamos ndi 50 ku Savannah River, koma woyamba wa W87-1 unangovomerezedwa mu Okutobala 2024. Ndalama zoyendetsera ndi kusamalira mizingayi mpaka 2075 nazonso zili padera.

Otsutsa akuti chiyani? Kodi nkhawa yawo ndi ndalama basi?

Ndalama ndi nkhawa yaing'ono. Yaikulu ndi nthawi. Popeza mdani amadziwa pamene pali dzenje lililonse, pulezidenti akauzidwa kuti mizinga ikubwera amakhala ndi mphindi zowerengeka zoti asankhe kuombera yake isanaphwanyidwe kapena kudikira. Mzinga ukanyamuka subwezedwa. Ndege ikhoza kuitanidwa kuti ibwerere, ndipo sitima ya pansi pa nyanja ikhoza kudikira masiku chifukwa mdani sadziwa pamene ili.

Machenjezo abodza anachitikapo. Mu Novembala 1979 tepi yophunzitsira inalowetsedwa m'makompyuta a NORAD, likulu lochenjeza za mizinga ya adani, ndipo inaonetsa ngati Soviet Union yaombera. Mu Juni 1980 kachipangizo kakang'ono ka mu kompyuta kanawonongeka n'kuchititsa zofananazo. Ku mbali inayo, pa 26 Sepitembala 1983, makina a Soviet Union anaonetsa mizinga yochokera ku America, ndipo msilikali wina, Stanislav Petrov, anaweruza kuti makinawo alakwitsa. William Perry, amene anali nduna ya zachitetezo kuyambira 1994 mpaka 1997, wakhala akunena kwa zaka zambiri kuti mizinga ya m'maenje ichotsedwe chifukwa cha ngozi imeneyi. Mu Julayi 2024 asayansi oposa 700 analembera pulezidenti ndi Congress kupempha kuti Sentinel ithetsedwe. Otsutsa amatchulanso kuti mzinga wochoka ku Montana kupita ku China kapena North Korea uyenera kudutsa pamwamba pa Russia, chimene chingachititse Russia kuganiza kuti ikuukiridwa.

Asilikali amayankha kuti chenjezo limatsimikiziridwa ndi njira ziwiri zosiyana, setilaiti ndi radar, kuti pulezidenti sakakamizidwa kuombera msanga, komanso kuti kuyambira 1994 mizingayi tsiku ndi tsiku imaloza panyanja popanda anthu. Mayankho amenewa si achabe. Koma kusintha kolozera kumatenga kanthawi kochepa, ndipo chitetezo chonsechi chimadalira kuti anthu otopa, odzutsidwa pakati pa usiku, asalakwitse ngakhale kamodzi pa zaka 50 zikubwerazi. Kwa ine mfundo ya Perry ndi yolemera kuposa mmene Congress yaitengera.

Ngati zili choncho, bwanji aphungu sakuiimitsa?

Zipani zonse ziwiri zili kumbuyo kwake. Ntchito yokonzanso zida za nyukiliya inalonjezedwa ndi Barack Obama mu 2010 pofuna kuti maseneta avomereze pangano la New START lochepetsa zida za nyukiliya za America ndi Russia. Donald Trump anaipitiriza, Joe Biden anaivomereza mu 2022, ndipo komiti ya akatswiri a zipani zonse imene Congress inakhazikitsa inanena mu Okutobala 2023 kuti ipitirire mwachangu. Aphungu monga Elizabeth Warren, Ed Markey, John Garamendi ndi Ro Khanna ayesapo kuichepetsera ndalama kapena kuiimitsa kaye, koma mavoti awo sakwana. Chaka ndi chaka Congress imaikanso m'lamulo kuti mizinga ya m'maenje isachepere 400.

Palinso nkhani ya pamimba. Mizinda ya Great Falls, Minot ndi Cheyenne imadalira kwambiri malikulu a asilikali aja, ndipo ku Utah, kumene kuli likulu la ntchito ya Sentinel pafupi ndi Hill Air Force Base, anthu zikwi zingapo alembedwa ntchito. Maseneta a zigawo zimenezi ali ndi gulu lawo loteteza mizingayi. Si kuti onse amangoganiza za mavoti, ambiri amakhulupiriradi kuti ndi yofunika. Koma phungu amene kwawo anthu amadyera pomwepo savutika kukhulupirira.

Bwanji osaiika pa malole kuti izisunthasuntha?

Russia, China ndi North Korea amachita zimenezo. America inayesapo kuganizira njira yotere ndi mzinga wa MX kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pofuna kuti uzizungulira pakati pa mashedi zikwi zingapo m'zipululu za Utah ndi Nevada. Anthu a kumeneko anakana kwamtuwagalu, ndipo Ronald Reagan anathetsa pulaniyo mu 1981. Mizinga 50 ya mtunduwo inangoikidwa m'maenje ku Wyoming mpaka inachotsedwa mu 2005.

Maiko ena akuchita chiyani?

Russia yakhala ikusintha mizinga yake ya nthawi ya Soviet Union ndi ya Yars, ndipo ikuvutika ndi mzinga wake waukulu wa Sarmat, umene mu Sepitembala 2024 unaphulika pamalo oyesera ku Plesetsk n'kusiya chidzenje chooneka pa setilaiti. China ndiyo yasintha kwambiri nkhaniyi. Mu 2021 zithunzi za setilaiti zinaonetsa maenje atsopano pafupifupi 300 akumangidwa kufupi ndi Yumen, Hami ndi Ordos. Pentagon inati pofika pakati pa 2024 China inali ndi mabomba oposa 600 ndipo idzadutsa 1,000 pofika 2030. Imeneyi ndiyo mfundo yamphamvu kwambiri ya ofuna Sentinel, ndipo wotsutsa woona mtima sangailumphe.

Koma si onse anasankha njira imeneyi. France inatseka maenje ake a ku Plateau d'Albion mu 1996 n'kutsala ndi sitima ndi ndege. Britain imadalira sitima zokha.

Mapangano a maiko saletsa zimenezi?

Pangano la New START, limene America ndi Russia anasaina ku Prague mu 2010, linaika malire a mabomba 1,550 okonzeka kugwiritsidwa ntchito mbali iliyonse, koma silinaletse kusintha zida zakale ndi zatsopano. Russia inaimitsa kutengako mbali mu Febuluwale 2023, ndipo tsiku lothera panganolo linaikidwa kukhala 5 Febuluwale 2026. Popanda malire otere, palibe choletsa kuika mabomba angapo pa mzinga umodzi monga zinalili kale.

Palinso pangano lalikulu la NPT, limene linayamba kugwira ntchito mu 1970, chaka chomwecho chimene Minuteman III inalowa m'maenje. M'menemo maiko opanda zida za nyukiliya analonjeza kusazifuna, ndipo okhala nazo analonjeza kukambirana moona mtima zozithetsa. Mzinga wokonzedwa kuti ukhalepo mpaka 2075 ukuuza maiko amene anasunga mbali yawo kuti mbali inayo sidzakwaniritsidwa ngakhale patapita zaka 100.

Ife a kuno kwathu zikutikhudza bwanji? Nanga uranium wa ku Kayelekera?

Mgodi wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009, unaima mu 2014 mitengo itagwa, ndipo unayambiranso mu 2025. Uranium wake amagulitsidwa kuti akapangire magetsi, motsatira malamulo a IAEA, bungwe la maiko loyang'anira za nyukiliya. Mabomba a Sentinel sadalira miyala yokumbidwa lero, chifukwa plutonium wake amachokera m'nkhokwe ya zida zakale za America. Kale zinali zosiyana: uranium wambiri wa mabomba oyambirira a America unachokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, kufupi ndi Copperbelt ya ku Zambia.

Africa inasankha njira yake. South Africa inapanga mabomba 6 n'kuwaphwasula yokha isanalowe mu NPT mu 1991. Pangano la Pelindaba la 1996 linalengeza kuti kontinenti yonse ikhale yopanda zida zimenezi, ndipo Malawi anavomereza pangano la United Nations loletseratu zida za nyukiliya mu 2022. Komabe kutalikira sikungatipulumutse. Kafukufuku wofalitsidwa mu magazini ya sayansi ya Nature Food mu 2022 anapeza kuti nkhondo yaikulu ya nyukiliya pakati pa America ndi Russia ingatulutse utsi wophimba dzuwa n'kugwetsa zokolola padziko lonse, moti anthu oposa 5 biliyoni angafe ndi njala. Dziko lodalira chimanga cha mvula ndi feteleza wochokera kunja lili ndi chifukwa chokwanira chotsatira nkhaniyi.

Sentinel idzakhala yokonzeka liti?

Poyamba ankati mizinga yoyamba idzakhala tcheru mu 2029 ndipo yonse 400 idzakhala italowa pakati pa zaka za m'ma 2030. Tsopano chiyambi chenichenicho chasunthira m'zaka za m'ma 2030, ndipo kuuluka koyamba koyesera, kumene kunayenera kuchitika kumapeto kwa 2023, kwachedwa ndi zaka zingapo. Mainjini ake ayesedwa kale pansi ndipo mbali imeneyo ikuyenda bwinopo kusiyana ndi ya zomangamanga.

Chofunika kuchiyang'anira ndi chilolezo chatsopano cha Milestone B, chifukwa chidzabwera ndi mtengo watsopano. Madola 140.9 biliyoni aja anawerengedwa asanalengeze zokumba maenje atsopano. Asilikali akuti maenje atsopano, ofanana kapangidwe ndi osavuta kumanga, angachepetse ndalama ndi nthawi, komanso alola kuti Minuteman ikhalebe tcheru pamene ntchito ili mkati. Zimenezo zidzaoneka dzenje loyamba likadzatha. M'bajeti zikubwerazi muyang'anenso mzere wa ndalama zosamalira Minuteman III, chifukwa kwa zaka zambiri boma lidzakhala likulipira mizinga ya mitundu iwiri, asilikali ophunzira makina a mitundu iwiri, ndi alonda olondera maenje akale ndi atsopano nthawi imodzi.